Kuweta ndi kuswetsa nkhuku pakhomo: malangizo kwa a ku Zomba

Dzira la nkhuku limaswa pa tsiku la 21, ndipo mbali imeneyi siivuta, chifukwa thadzi limaidziwa ntchitoyo kuposa ife. Chimene chimagwetsa anthu mphwayi chimabwera pambuyo pake, pamene anapiye khumi atsala atatu mwezi usanathe, kapena chitopa chasesa khola lonse mu Okutobala. Choncho musayambire pa mazira. Yambani ndi khola, kenako nkhuku zabwino ndi katemera wake, mazira abwere pomaliza. Malangizowa ndi a munthu wofuna nkhuku 6 mpaka 15 kuseri kwa nyumba, kaya ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi kapena kumudzi ku Thondwe, zoti azisangalala nazo ndi kudya dzira la pakhomo.

1. Mangani khola nkhuku zisanafike

Kuno mvula imagwa yambiri, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi nthaka siuma. Khola la m'mwamba ndilo limathandiza. Likwezeni mita imodzi pa nsanamira zinayi. Pansi pake yalani nsungwi zong'amba kapena timatabwa, n'kusiya mipata yosaposa kukula kwa chala kuti zitosi zizigwera pansi koma mwendo usakodwe. Chipinda cha mamita 2 m'litali ndi mita 1.5 m'lifupi chimakwana nkhuku 10. Pingasani mtanda wogonapo, wonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo nkhuku iliyonse ipeze masentimita 25 pamtandapo.

Nsanamira iliyonse ivekeni kachilata kopindidwa ngati fanulo yoyang'ana pansi, kuti khoswe akakwera azibwerera pomwepo. Patsinde pake muzithira phulusa chifukwa cha linthumbu, lomwe limatha kupha thadzi lili pamazira usiku umodzi. Mbali ya kumwera chakum'mawa, kumene kumachokera mphepo ya chiperoni, itsekeni ndithu. Mbali zinazo siyani mpata wotchinga ndi waya pansi pa denga. Khola limene mukatsegula m'mawa fungo lake likulasa m'maso ndiye kuti mpweya sukuyenda, ndipo chimfine sichichedwa kulowa.

Panja pakhale bwalo lotchinga, malo a mita imodzi mbali zonse pa nkhuku iliyonse. M'tauni izi n'zofunika kwambiri, poti nkhuku yofukula mbewu za aneba imadanitsa anthu. Pamwamba kungani waya kapena ukonde chifukwa cha mphamba ndi akhwangwala. Amene muli m'mphepete mwa phiri, monga ku Mulunguzi ndi ku Naisi, ikani loko weniweni pachitseko, chifukwa anyani satenga nthawi kutsegula chitseko chongokolowekedwa ndi kamsomali. Pangodya ina youma kumbani kadzenje, muthiremo dothi louma losakaniza ndi phulusa. M'menemo ndi mosambira mwawo, ndipo kusamba fumbi kumachepetsa nsabwe ndi utitiri.

Zisa zikhale za masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa mathadzi anayi, pamalo a kamdima. Konzeranitu kachipinda kena kapadera kotsekeka. M'menemo ndi mokhalira mazira ndi molerera anapiye.

2. Sankhani nkhuku

Gulu loyambira labwino ndi tambala mmodzi ndi mathadzi 6 mpaka 10. Mathadzi akapitirira pamenepo mazira ambiri amakhala opanda tambala. Atambala akakhala awiri pa gulu laling'ono amangokhalira kumenyana ndi kusosola mathadzi kumsana.

Nkhuku zachikuda, kaya kameta wa khosi lopanda nthenga uja, kaya kansilanga wa nthenga zotembenuka, zimaikira mazira 10 mpaka 15, kenako n'kukhalira. Pa chaka mazira ake ndi ochepa, koma pa kukhalira ndi kulera palibe yozipambana. Nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zinatchukira pa famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu, zimakula thupi ndi kuikira kwambiri zikamadya bwino, koma si zonse zimene zimakhazikika pamazira. Nzeru yake ndi kuphatikiza: mathadzi awiri kapena atatu achikuda akhale okhalira, a Mikolongwe akhale oikira. Nkhuku zachizungu za mazira ndi za nyama zija zisiyeni. Za mazira sizikhalira, ndipo ana a mitundu yonse iwiri safanana ndi makolo awo.

Gulani kwa munthu amene mwaona khola lake. Pamsika, kaya ku Songani, ku Jali kapena waukulu wa mumzinda, nkhuku zimachokera m'midzi yosiyanasiyana n'kusakanikirana m'chitatanga chimodzi. Mukaona mtengo watsika modabwitsa mu Seputembala kapena Okutobala, kayikirani, chifukwa ena amagulitsa mothawitsa matenda atayamba kwawo. Nkhuku yabwino imakhala ya maso owala, lipombo lofiira, mphuno youma, ndi nthenga za kumbuyo zopanda zitosi. Iliyonse yatsopano ikhale payokha masiku 14 isanasakanikirane ndi zinzake, ngakhale itakhala mphatso yochokera kwa apongozi.

3. Temerani chitopa

Chitopa, ena amati chideru, chilibe mankhwala. Makapisozi a anthu, tsabola, alovera, zonsezi sizichiritsa. Nkhuku imazyolika, mapiko n'kugwa ngati yavala chikhoti, zitosi n'kukhala zobiriwira, imapuma modzutsa khosi, ndipo ina khosi limapotoka. Chikalowa m'khola losatemera chimatha kupha pafupifupi zonse m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chimavuta kwambiri nyengo yotentha, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba.

Katemera wosavuta kwa woweta wa pakhomo ndi wa I-2, amene amapangidwa m'dziko mom'muno ndipo amapirira kutentha kuposa akatemera ena. Mumadontheza dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku yaikulu ndi mwanapiye chimodzimodzi. Gwirani mutu chammbali, donthezani botolo litaimirira, dikirani iphethire dontho lilowe, ndiyeno muisiye ipite. Bwerezani miyezi inayi iliyonse; Malichi, Julaye ndi Novembala ndi miyezi yosavuta kukumbukira, ndipo wa Julaye ndi amene sayenera kuphonyedwa. Chitetezo chimayamba kugwira patatha sabata imodzi kapena ziwiri, n'chifukwa chake kutemera matenda atalowa kale kumaoneka ngati katemera ndiye wapha nkhuku. Temerani zathanzi zokha, m'mawa, pamthunzi. Botolo munyamule litakulungidwa m'kansalu konyowa. Alangizi a ziweto a m'dera lanu ndiwo angakuuzeni kopeza katemerayu.

4. Chakudya cha nkhuku zoikira

Madeya okha sakwanira. Nkhuku yodya madeya okha imaikira mazira a chigoba chopyapyala, ndipo mwanapiye amafera m'dzira chifukwa chosowa zomanga thupi. Ngati simugula chakudya cha m'matumba, sakanizani chonchi pa makilogalamu pafupifupi 10: misere ya chimanga 5, madeya 1.5, soya wokazinga ndi kugayitsa 2.2, usipa kapena matemba osinja magalamu 400, laimu wa ziweto magalamu 900, ndi mchere magalamu 30. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika bwino, choncho mukazingeni mpaka afiirire ndi kununkhira, koma asapserere. Laimu wake ndi wa ziweto, osati wopaka nyumba.

Nkhuku yaikulu imadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku ndi kumwa madzi pafupifupi kapu imodzi, kuposerapo kukatentha. Muziziponyera bonongwe, chisoso, nkhwani ndi masamba a cham'mwamba. Chimanga chofumbwa ndi chankhungu, chimene ambiri amati n'cha nkhuku, chimatha kukhala ndi poizoni wa chuku amene amawononga chiwindi ndi kuchepetsa kuswa kwa mazira.

5. Sankhani ndi kusunga mazira

Nthawi yabwino yoikira thadzi mazira kuno ndi kumapeto kwa Malichi mpaka mu Epulo. Anapiye amaswa mvula ikutha, chakudya chili chambiri, ndipo pofika kuzizira kwa Juni ndi Julaye amakhala atamera nthenga. Nthawi ina ndi Ogasiti, katemera wa Julaye atagwira. Anapiye a pakati pa dzinja amavutika ndi chinyezi, ndipo a mu Juni amafuna moto wambiri.

Tolani mazira kawiri pa tsiku. Sankhani apakatikati, osalala, a maonekedwe a dzira. Aakulu kwambiri nthawi zambiri amakhala a mapasa ndipo saswa; siyaninso aang'ono kwambiri, obulungira ngati mpira, osongoka kwambiri, ang'alu ndi okhakhala. Odetsedwa ndi zitosi adyeni. Musatsuke dzira lofuna kuswetsa, chifukwa pachigoba pamakhala kautoto kosaoneka kamene kamatseka timabowo kuti tizilombo tisalowe, ndipo madzi amakachotsa. Kachitosi kakang'ono kapaleni ndi kansalu kouma.

Lembani tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo. Aikeni pa thireyi, kosongoka kuyang'ane pansi, m'chipinda chozizirirapo, pakati pa madigiri 12 ndi 18 ngati n'kotheka. M'firiji ayi, pafupi ndi moto ayi. Kamodzi pa tsiku pendekani thireyi pokweza mbali ina ndi kanjerwa, mawa lake mbali inayo. Mazira asapitirire masiku 7; akafika masiku 10 kuswa kumatsika kwambiri, ndipo kumadera otentha a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, monga ku Kachulu, masiku asanu ndi okwanira. Ngati mwasintha tambala ndipo mukufuna ana a watsopanoyo, dikirani masabata atatu, chifukwa mbewu ya tambala wakale imakhalabe yamoyo m'thupi la thadzi kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Mazira obwera pa kabaza kapena pa minibasi apume tsiku lathunthu asanaikidwe.

6. Kuswetsa ndi thadzi

Kwa munthu wa nkhuku zochepa njira imeneyi imaposa makina oswetsera mazira. Thadzi silifuna magetsi, limatembenuza mazira lokha, ndipo likatha limakulererani ana.

Thadzi lofuna kukhalira limakakamira pachisa usana ndi usiku, limafufuma nthenga ndi kulira mokalipa mukaliyandikira, ndipo pachifuwa nthenga zimathothoka. Musalikhulupirire tsiku loyamba. Lisamutsireni m'kachipinda kapadera kaja usiku, muliikire mazira awiri kapena atatu owiritsa oikidwa chizindikiro, muone ngati likhazikika masiku awiri. Misoti yokhalira koyamba ndiyo imakonda kuthawa pakati pa ulendo.

Musanaliikire mazira enieni, liyang'aneni pansi pa mapiko, kuzungulira kotulukira chimbudzi ndi kumaso. Utitiri ndi umene umachotsa mathadzi ambiri pamazira sabata yachiwiri. Lithireni mankhwala a ufa ophera nsabwe za nkhuku, ogula ku sitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo utitiri womatirira m'zikope ndi palipombo mupakepo vasilini kuti ubanike. Pansi pa chisa yalani dothi la chinyontho pang'ono, lokumbika pakati ngati mbale, kenako phulusa, pamwamba udzu wouma watsopano. Chisa chakuya kwambiri chimaunjika mazira n'kusweka, chafulati kwambiri chimawagubuduzira kunja.

Ikani mazira usiku, onse nthawi imodzi. Thadzi lachikuda lapakatikati limafungatira mazira ake 10 mpaka 12, koma a Mikolongwe ndi okulirapo, choncho 8 kapena 9 akwana. Mukaona dzira likusuzumira kunja kwa mapiko, achuluka. Umbombo pamenepa umawononga onse, chifukwa thadzi limasinthanitsa mazira, ndipo lililonse limapeza nthawi yake yozizidwa kunja. Mwezi wozizira chepetsani awiri.

Lembani tsikulo pa kalendala. Ikani madzi ndi chakudya patali pang'ono ndi chisa kuti thadzi lizidzuka kamodzi pa tsiku, kudya, kuchita chimbudzi ndi kusamba fumbi. Mphindi 15 mpaka 30 n'zabwinobwino, ndipo kukatentha limatha kuchedwerapo. Mathadzi ena asalowemo, chifukwa amaikira mazira atsopano m'chisamo, ndipo pa tsiku la 21 mumapeza ena aswa, ena ali pakati. Dzira likasweka, chotsani zonse, sinthani udzu, ndipo opakika muwapukute ndi kansalu koviika m'madzi ofunda.

Muli ndi mathadzi awiri kapena atatu oyamba kukhalira motsatizana? Loyambalo lidikire pa mazira owiritsa kwa masiku osapitirira 7, kenako onse muwaikire usiku umodzi. Anapiye amaswa pamodzi, mumatemera pamodzi, ndipo thadzi limodzi lodziwa kulera lingatenge ana a linzake mukawalowetsa pansi pake usiku woyamba. Mazira a nkhanga, amene amatenga masiku 26 mpaka 28, ndi a abakha athu a nkhope yofiira aja, amene amatenga 35, thadzi limakhaliranso bwino, koma musawasakanize ndi a nkhuku m'chisa chimodzi.

7. Unikani mazira

Pa tsiku la 7 mpaka la 10, usiku, tengani tochi yowala kapena ya pafoni. Pindani kapepala kolimba ngati paipi, mbali ina pa tochi, mbali ina pa mutu waukulu wa dzira, kuti kuwala kulowe m'dzira mokha. Dzira lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira totambalala ngati miyendo ya kangaude, ndipo mukadekha mumaona kakugwedezeka. Loyera mbee, longooneka mthunzi wa chikasu, n'lopanda tambala. La mzere wofiira wozungulira ngati mphete, wopanda timitsempha, ndiye kuti mwana anayamba koma wafa. Chotsani onse awiri. Lokayikitsa liikeni chizindikiro, mudzalionenso pa tsiku la 14.

Pofika tsiku la 18 dzira labwino limakhala lakuda lonse kupatula mpata wa mpweya kumutu waukulu, umene umakhala utakula kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Dzira losukusa limanunkha, nthawi zina limatuluka timadzi pachigoba. Linyamuleni mosamala mukalikwirire, chifukwa likaphulikira m'chisa limaipitsa anzake. Ntchito yonse younika isapitirire mphindi 10, ndipo musagwedeze dzira pakhutu kuti mumve za m'kati.

8. Ngati mwasankha makina

Makina oswetsera mazira amathandiza pamene mukufuna anapiye ambiri nthawi imodzi kapena mulibe thadzi lokhalira. Vuto lake ndi kuzima kwa magetsi. Gulani otha kugwiranso ntchito ndi batire ya 12V, ndipo batireyo ikhale yodzaza musanayambe. Aikeni m'chipinda chosafika dzuwa, kutali ndi zenera. Ayatseni maola 24 opanda mazira, ndipo muyeze kutentha ndi choyezera china chapadera pa msinkhu wa mazira, chifukwa nambala ya pa makina otsika mtengo imatha kuphonya ndi digiri yathunthu.

Makina a fani akhale pa madigiri 37.5 mpaka 37.8. Opanda fani akhale pa 38.5 mpaka 39, kuyeza pamwamba pa dzira. Chinyontho chikhale 50 mpaka 55 peresenti masiku 18 oyamba. Nyengo ya mvula mpweya wa ku Zomba umakhala wonyowa kale, moti mukadzaza timbale tonse ta madzi mupitirira muyezo. Mu Okutobala ndi pamene mumafunika madzi ambiri. Chimene chimakweza chinyontho ndi kutambalala kwa madzi, osati kuya kwake. Mpata wa mpweya uja ndiwo mboni: ukakhala waung'ono pa tsiku la 14 chepetsani madzi, ukakula msanga onjezani.

Ngati makina satembenuza okha, lembani X mbali ina ya dzira ndi O mbali inayo, muzitembenuza katatu kapena kasanu pa tsiku ndi manja osamba. Nambala yake ikhale yosagawika pawiri kuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uliwonse. Dzira losatembenuzidwa, makamaka sabata yoyamba, mwana amamatirira kuchigoba. Pa tsiku la 18 siyani kutembenuza, gonekani mazira chammbali pa kansalu kokhakhala, kwezani chinyontho chifike 65 mpaka 70 peresenti, tsegulani timabowo ta mpweya, ndipo chivindikiro chisatsegulidwenso.

Magetsi akazima ndipo batire palibe, musatsegule kuti muone. Fundikani makina ndi bulangete, kusiya kabowo ka mpweya. Akachedwa kuyaka, lowetsani botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu, losakhudza mazira. Mazira amapirira kuzizira kwa maola angapo, kungoti amaswa mochedwerapo. Chimene sapirira ndi kutentha: madigiri 40 ndi kupitirira kwa maola ochepa kumapha.

9. Masiku oswa

Pa tsiku la 19 kapena 20 mwanapiye amaboola kulowa mu mpata wa mpweya, ndipo mukatchera khutu mumamva kulira m'dzira. Kenako amagogomola kabowo pachigoba n'kupuma. Kuchokera pa kabowo mpaka kutuluka pamatha maola 12 mpaka 24. Nthawi imeneyi amakhala akumaliza kulowetsa chikasu m'mimba, ndipo timitsempha ta m'chigoba tikuuma. Oweta ambiri amalephera kupirira pamenepa, amayamba kusenda ndi chikhadabo, magazi n'kutuluka, mwanapiye n'kufa ndi mchombo wosatseka. Afulumira anadya gaga. Thandizani pokhapokha maola 24 atadutsa osasintha kanthu ndipo kakhungu ka m'kati kauma n'kuchita khaki. Kanyowetseni ndi madzi ofunda, sendani pang'onopang'ono kumutu waukulu, ndipo mukaona magazi lekani, mubwezere.

Thadzi lisiyeni pachisa mpaka lidzuke lokha. M'makina anapiye akhale mpaka aume ndi kufufuma. Chikasu chimene alowetsa chimawasunga masiku awiri, choncho sakufa ndi njala. Pofika tsiku la 23 otsala ndi olephera.

Aswani olepherawo panja, muone chifukwa. Ambiri akakhala oyera opanda kanthu, vuto ndi tambala: wakalamba, wanenepa, kapena mathadzi amuchulukira. Akafa ali aang'ono, mazira anakhalitsa, anagwedezeka paulendo, kapena anazizidwa ndi kutenthedwa. Akafa atakula osaboola, m'dzira muli madzimadzi, chinyontho chinachuluka. Akaboola koma n'kuumira momwemo, chinachepa kapena chivindikiro chimatsegulidwatsegulidwa. Kuswa pa tsiku la 19 kumasonyeza kuti makina amatentha kwambiri, pa 22 ndi 23 kuti amazizira. Pa mazira 10 a tambala, anapiye 8 ndi zotsatira zabwino.

10. Masabata asanu ndi limodzi oyamba

Apa ndi pamene nkhuku zambiri za pakhomo zimathera. Thadzi likatulutsidwa panja pamodzi ndi ana ake tsiku lachiwiri limawayendetsa m'mame, m'ngalande ndi poyera pamene mphamba akuzungulira, ndipo madzulo aliwonse limabwera ndi ochepa. Litsekereni ndi ana ake m'kachipinda kaja masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Waya wake akhale wa timabowo tosalowa chala chachikulu, chifukwa likongwe ndi khoswe amadutsa pa waya wa nkhuku wamba.

Pansi yalani mankhusu a mpunga, amene savuta kupeza kuzigayo za mpunga za ku Domasi ndi madera a ku Likangala, kapena zopala za pulena kwa akalipentala, zokhuthala masentimita 5. Utuchi wosalala anapiye amadya n'kutsekeka m'mimba. Nyuzipepala ndi pulasitiki zimaterera, miyendo imatang'adza, ndipo akapunduka choncho kuwongola n'kovuta.

Anapiye a m'makina alibe mayi, ndiye moto ndi wanu. Sabata yoyamba pafunika madigiri 32 mpaka 35 pa msinkhu wawo, kenako muzitsitsa madigiri atatu sabata iliyonse. Zungulizani katoni kapena bolodi ngati nkhokwe, popanda ngodya, chifukwa pangodya amaunjikana n'kubanikana. Bwalo la mita imodzi limakwana anapiye 20 masabata awiri oyamba. Pakati ikani babu lotenthetsa, kapena mphika wa dothi wokhala ndi makala oyaka kale, wovindikira ndi wokhazikidwa pa njerwa. Makala ayakire panja mpaka utsi uthe, ndipo chipinda chikhale ndi polowera mpweya, chifukwa mpweya wa makala umapha anapiye ndi anthu omwe mwakachetechete. Anapiyewo ayang'aneni: akaunjikana pamoto n'kumalira mokweza, azizidwa, akathawira m'mbali atayasama, kwatentha, akadzazana mbali imodzi, pali mphepo ikulowa, akamwazikana, ena akudya ena akugona, zili bwino.

Madzi ayambe, chakudya chitsatire. Tsiku loyamba sungunulani supuni yaikulu imodzi ya shuga mu lita imodzi ya madzi, muviike mlomo wa aliyense. M'mbale ya madzi ikanimo timiyala, chifukwa mwanapiye amamira m'madzi osafika ngakhale pa mfundo ya chala, ndipo wonyowa amafa ndi kuzizira. Chakudya chabwino ndi cha anapiye cha m'matumba. Chopanga nokha, pa makilogalamu pafupifupi 10: misere yosalala 5, madeya osefa 2, soya wokazinga 2.5, usipa wosinja magalamu 500, laimu wa ziweto magalamu 100, mchere magalamu 30. Cha nkhuku zoikira chija musawapatse, laimu wake amawononga impso zawo. Chiswe ndi ndiwo yabwino kuyambira sabata yachiwiri, pamodzi ndi masamba oduladula ndi kamchenga kothandiza nthutumba kupera.

Madzulo aliwonse sabata yoyamba tembenuzani aliyense muone kumbuyo. Chitosi chikauma n'kutseka potulukira, nyowetsani ndi madzi ofunda, chotsani mosakoka, pakanipo vasilini. Dontho la I-2 alandire m'masabata awiri oyamba, libwerezedwe patatha masabata anayi, kenako alowe m'ndondomeko ya zinzawo. Katemera wa gumboro, matenda ena opha anapiye, amaperekedwa m'madzi akumwa sabata yachiwiri ndi yachitatu. Botolo lake limakhala la anapiye mazanamazana, choncho gwirizanani ndi anzanu oweta, ndipo musungunulire m'madzi a pa mjigo kapena a mvula, chifukwa klorini wa m'madzi a pampopi amapha katemera. Wa nthomba ya nkhuku, imene imafala ndi udzudzu nyengo ya mvula, amabaya pa kakhungu ka phiko ali ndi masabata 6 mpaka 8.

Pakati pa sabata yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi, mukaona zitosi za magazi ndi anapiye ozyolika, ndi matenda a m'matumbo amene amaswana m'zoyala zonyowa. Apatseni mankhwala a amprolium m'madzi motsatira zolembedwa pa paketi, chotsani zoyala zonse, ndipo mbale ya madzi muikhazike pa njerwa kuti isamatayikire. Mankhwala a nyongolotsi ayambe ali ndi miyezi iwiri, kenako miyezi itatu iliyonse. Ana a pakhomo akagwira anapiye asambe m'manja ndi sopo.

Pa masabata asanu ndi limodzi nthenga zimakhala zakwanira. Bwezerani thadzi kwa tambala, ndipo likamadya bwino limayambanso kutetera patatha masabata awiri kapena atatu. Anapiye akhale sabata ina kuseri kwa waya moonana ndi zazikulu, kenako muwalowetse m'khola usiku, n'kuika mbale ziwiri za chakudya motalikirana kuti asamathamangitsidwe. Pafupifupi theka adzakhala atambala. Pa miyezi itatu apatuleni, ndipo pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi akhale atapita ku mphika kapena kwa anzanu. Misoti ikamayandikira kuikira, bambo wake achoke pakhomopo. Sinthanani tambala ndi woweta wa dera lina amene amatemera, ndipo mlendoyo nayenso ayambe wakhala payekha masiku 14 aja.